MAFUTA A FUNGO NDI UBONGO WA MUNTHU

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Mulanje, akangopitirira Bvumbwe amayamba kuona zinthu ziwiri m'zitunda za Thyolo: minda ya tiyi yosalala pamwamba ngati aimeta ndi lumo, ndi nkhalango za bulugama zimene zaimirira m'mbali mwa mindayo. Tiyi anafika m'boma limeneli m'chaka cha 1908, ndipo esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay anayamba mu 1923, ikugwirabe ntchito kufikira lero. Bulugama kwawo ndi ku Australia. Eni minda anamubzala wochuluka chifukwa fakitale ya tiyi imadya nkhuni usana ndi usiku pa nyengo yothyola, pakuti tiyi sauma popanda moto.

Anthu a m'makomboni ndi a m'midzi yozungulira sanachedwe kuupezera mtengowo ntchito ina. Chimfine chikavuta m'miyezi ya chiperoni, mayi amathyola masamba ake, kuwawiritsa mumphika, ndi kumufunditsa wodwala bulangete kuti apume nthunzi. Zimenezi n'zakale. Chachilendo n'chakuti masiku ano m'masitolo a ku Blantyre ndi ku Limbe, ndiponso m'zikwama za anthu oyenda ndi malonda, mukupezeka timabotolo ta mafuta a bulugama, a lavender, a ndimu ndi a zomera zina. Ogulitsa ena amati mafutawo amachotsa nkhawa, amagonetsa tulo, ndipo amanola nzeru za ana a sukulu. Botolo lake ndi laling'ono ngati chala, koma mtengo wake si waung'ono ayi. Tsono munthu asanatulutse ndalama ya thukuta lake, kuli bwino adziwe chimene mafuta amenewa angachite m'mutu mwa munthu ndi pamene pali ngozi.

KODI MAFUTA A FUNGO N'CHIYANI?

Mphunzitsi angathe kuonetsa ana ake nkhaniyi popanda kugula kanthu. Atenge tsamba la bulugama kapena la ndimu, alikweze kumene kuli dzuwa, ndi kulipenyetsetsa. Adzaona timadontho ting'onoting'ono towala. Timeneto ndi timatumba ta mafuta, ndipo tsamba likafikisidwa timaphulika, fungo n'kutuluka. Khoko la lalanje kapena la nachesi likafinyidwa pafupi ndi nyali limalavula timadzi tothetheka pamoto. Amenewo ndiwo mafuta a fungo. Chomera chimawapanga kuti chipirikitse tizilombo todya masamba ake, kapena kuti chiitane njuchi ku maluwa. Makolo ankadziwa zimenezi ngakhale analibe mawu a kusukulu: ankaika mpungabwi m'nyumba kuti udzudzu uthawe, ndipo ankadziwa kuti thabwa la mkungudza wa ku Mulanje chiswe sichilikonda.

Mafuta amenewa si amodzi ndi mafuta ophikira. Dontho la mafuta a mtedza likagwera papepala limasiya banga losachoka. Dontho la mafuta a bulugama limauluka, ndipo mawa lake pepala lili mbee. Kuuluka kumeneko ndiko kumawafikitsa m'mphuno. Anthu a ku Thyolo asasokonezenso mafuta a fungo ndi mafuta a tung, mtengo umene unkalimidwa kwambiri m'boma lino zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Mafuta a tung anali opangira penti ndi vanishi, ndipo njere zake n'zaululu. Palinso botolo lina lolembedwa kuti tea tree. Dzinalo lisanyenge munthu: mafutawo sachokera ku tiyi wa m'minda ino, koma ku mtengo wina wa ku Australia, ndipo sayenera kumwedwa ngakhale pang'ono.

Kapangidwe kake sikavuta kumva kwa munthu amene anaonapo mmene amatchezera kachasu. Masamba amaikidwa m'mbiya yaikulu yachitsulo, nthunzi n'kumadutsamo. Nthunziyo imanyamula mafuta ndi kulowa nawo m'paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndipo kunsonga kwa paipi kumadontha madzi, mafuta atayandama pamwamba pake. Joseph Bosisto anayamba kupanga mafuta a bulugama a malonda mwa njira imeneyi pafupi ndi Melbourne mu 1852. Makilogalamu 100 a masamba a mtundu wabwino amatulutsa lita imodzi kapena malita awiri okha. Maluwa a rozi ndiye amafunika matani 3 kapena 4 kuti papezeke kilogalamu imodzi. Apa pali zinthu ziwiri zoti owerenga azisunge: chifukwa chake mafutawa ali okwera mtengo, ndiponso kuti kasupuni kamodzi ka m'botolo kali ndi mphamvu ya masamba odzaza manja kangapo konse. Tsamba la m'tchire ndi mafuta a m'botolo n'zosiyana monga thobwa ndi kachasu.

Bulugama naye ali ndi mitundu yambiri. Chinthu chimene chimapereka fungo lolasa lija chimatchedwa cineole, ndipo chimachuluka mu mtundu wotchedwa Eucalyptus globulus. Wochuluka m'maesiteti ndi Eucalyptus grandis, amene anasankhidwa kaamba ka kukula msanga ndi kuwongoka, ndipo masamba ake ali ndi cineole wochepa.

NJIRA YA FUNGO KUCHOKERA M'MPHUNO KUFIKA KU UBONGO

M'kati mwa mphuno, chakumwamba kwenikweni pakati pa maso, muli kachigamba ka mnofu wonyowa kofanana kukula kwake ndi sitampa ya pa kalata. M'menemo muli timitsempha mamiliyoni angapo tolandira fungo. Mu 1991 Linda Buck ndi Richard Axel, akugwira ntchito ku Columbia University mu mzinda wa New York, anatulukira mmene timitsemphati timazindikirira fungo, ndipo mu 2004 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya zolandirira fungo. Mtundu uliwonse uli ngati loko wofuna kiyi wake. Fungo la ndimu limatsegula maloko ena, la utsi limatsegula ena, ndipo ubongo umaona maloko amene atseguka pamodzi n'kuzindikira kuti iyi ndi ndimu, uwu ndi utsi.

Chodabwitsa ndi njira imene uthengawo umadzera. Zimene maso aona ndi zimene makutu amva zimayamba zafika pa malo ena m'kati mwa ubongo otchedwa thalamus, amene ali ngati kalaliki wolandira makalata ndi kuwagawa m'maofesi. Uthenga wa fungo suyamba wadzera kwa kalaliki ameneyu ayi. Umalowa mofulumira ku mbali za ubongo zosunga mantha, chimwemwe ndi chikumbukiro, zimene madotolo amazitcha amygdala ndi hippocampus. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Thekerani amene wakhala ku Johannesburg zaka 10, akangomva fungo la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, mtima umathamangira kwawo iye asanaganize n'komwe. N'chifukwa chakenso munthu amene mbale wake anamwalirira m'chipatala amachita nseru akamva fungo la mankhwala okolopera, pamene namwino wa m'chipatala chomwecho salilabadira konse. Fungo ndi limodzi, koma mitima iwiri yalilandira mosiyana. Tsono mbali yaikulu ya mphamvu ya fungo ili m'zimene munthu anakumana nazo pa moyo wake, osati m'botolo.

Pali njira yachiwiri. Mafuta a fungo akapumidwa amalowa m'mapapo, akapakidwa ena amalowa pakhungu, akamwedwa amalowa m'matumbo, ndipo konseko amafika m'magazi. Ubongo uli ndi mpanda wouteteza ku zinthu zambiri zoyenda m'magazi, koma zinthu zamafuta zing'onozing'ono ngati izi zimadutsa mpandawo mosavuta. Pa njira imeneyi mafuta amagwira ntchito ngati mankhwala enieni, ndipo ngozi zake zimadzeranso pomwepo.

Mphuno nayo imanyengeka. Mankhwala opaka pachifuwa ngati Vicks ali ndi menthol, camphor ndi mafuta a bulugama, ndipo munthu wachimfine akawanunkhiza amalumbira kuti mphuno yatseguka. Ronald Eccles ndi anzake ku Cardiff anayeza mpweya wodutsa m'mphuno za anthu asananunkhize menthol ndiponso atanunkhiza, napeza kuti mpweya sunachuluke. Menthol amangogogoda pa mitsempha yomva kuzizira, ubongo n'kuganiza kuti mphepo yozizira ikulowa yambiri. Si chinthu choipa ayi, pakuti wodwala amene akumva kupepukidwa amagona bwino. Koma kupepukidwa si kuchira.

Anthu a ku Thyolo ali ndi chitsanzo china pakhomo pawo penipeni. Masamba a tiyi akafota ndi kudulidwa m'fakitale amatulutsa fungo limene aliyense wodutsa pa msewu amalidziwa. Mwa zinthu zopanga fungolo muli china chotchedwa linalool, chimene chilinso chochuluka m'mafuta a lavender. Motero wogwira ntchito m'fakitale amapuma tsiku ndi tsiku, mwaulere, pang'ono pa chimene ena amagula m'sitolo. Komabe palibe kapitawo amene anganene kuti anthu ake alibe nkhawa. Ndipo chimene chimachotsa tulo munthu akamwa tiyi wa m'mawa si fungo lake, koma caffeine amene ali m'madzimo.

ZIMENE AKATSWIRI APEZA

Mawu akuti aromatherapy, kutanthauza kuchiza ndi fungo, anafala ndi buku la René-Maurice Gattefossé, katswiri wa zonunkhira wa ku France, limene linatuluka mu 1937. Chiyambire pamenepo zonenedwa zakhala zambiri kuposa zoyesedwa. Kuyesa mankhwala a fungo n'kovuta pa chifukwa ichi. Madotolo akafuna kudziwa ngati piritsi ligwira ntchito, amagawa odwala m'magulu awiri: ena alandira piritsi lenileni, ena lofanana nalo koma lopanda mankhwala, ndipo palibe wodwala wodziwa limene walandira. Koma fungo silibisika. Munthu wonunkhiza lavender amadziwa kuti wapatsidwa kanthu, ndipo chiyembekezo chokhacho chimatha kukhazika mtima pansi.

Mphamvu ya chiyembekezo inaoneka bwino ku Oxford mu 2005. Anthu anapatsidwa fungo limodzi lomwelo kawiri. Ulendo wina anauzidwa kuti ndi fungo la chizi, chakudya chimene anthu a kumeneko amakonda. Ulendo wina anauzidwa kuti ndi fungo la thukuta. Atauzidwa za chizi anati fungolo n'labwinoko, ndipo makina ojambula ubongo anaonetsa kuti ubongo wawo unalilandiradi mosiyana. Wogulitsa wa pakamwa pokoma, tsono, ali kale ndi theka la mankhwala m'lilime lake.

Ku Ohio State University, m'dziko la America, Janice Kiecolt-Glaser anayesa anthu 56 ndi mafuta a ndimu, mafuta a lavender ndi madzi wamba, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Ndimu inasangalatsako mitima ya anthuwo. Lavender sanapose madzi. Pa ululu, pa kupola kwa khungu ndi pa chitetezo cha m'thupi, mafuta onse awiri sanathandize kanthu. Ku Northumbria University, m'dziko la England, Mark Moss anayesa anthu 144 mu 2003, napeza kuti okhala m'chipinda chonunkhira rosemary anakumbukirako bwino pang'ono, pamene okhala m'chipinda cha lavender anachedwa kuyankha. Kusiyanako kunali kochepa ndiponso kwa kanthawi. Kholo limene likuganiza zogulira mwana wa Sitandade 8 botolo la mafuta kuti akhoze mayeso lingachite bwino kugula nyali yowerengera ndi kuonetsetsa kuti mwanayo wadya asanapite kusukulu.

Za okalamba amene nzeru zawo zikutha, oiwala maina a ana awo ndi kusochera pamudzi pawo pomwe, bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusonkhanitsa ndi kusefa zofufuza za madotolo, linaunika zofufuza 13 za anthu 708 mu 2020. Silinapeze umboni wokhutiritsa wakuti mafuta a fungo amawathandiza.

Pamene umboni uli wolimbako ndi pa mafuta a lavender opangidwa mwapadera ku Germany, otchedwa Silexan, amene amamwedwa ngati kapisozi wa mamiligalamu 80. Mu 2014 Siegfried Kasper ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala nkhawa 539 amene anayesedwa kwa milungu 10, ndipo omwa Silexan anapeza bwino kuposa omwa kapisozi wopanda mankhwala. Izi n'zoona ndipo siziyenera kubisidwa. Koma owerenga aone bwino. Ofufuzawo anathandizidwa ndi ndalama za kampani yopanga mankhwalawo. Ndiponso kapisozi ameneyu ndi woyezedwa m'fakitale ya mankhwala, si mafuta a m'botolo la pa msika, amene mwina asakanizidwa ndi zinthu zosadziwika. Kumwa a m'botolo poganiza kuti n'chimodzimodzi ndiko kudziitanira tsoka.

Mwachidule pa mbali imeneyi: fungo labwino lingapepuze mtima kwa ola limodzi kapena awiri, monga ichitira nyimbo kapena kusamba madzi ofunda pochokera kumunda. Umenewo ndi ubwino ndithu, ndipo tsamba la ndimu la kuseri kwa nyumba limaupereka kwaulere.

PAMENE PALI NGOZI

Anthu ambiri amaganiza kuti chochokera ku mtengo sichingapweteke. Aiwala mwabvi. Mafuta a bulugama ndi camphor, akachuluka m'magazi, amasokoneza ubongo kotero kuti munthu amachita chizungulire, kudzandira ngati woledzera, kukomoka, ngakhale kugwa ndi kuphupha ngati wakhunyu.

Ku chipatala cha ana cha ku Melbourne, dotolo James Tibballs anaunika ana 109 amene anamwa mafuta a bulugama mwangozi, ndipo mu 1995 analemba kuti oposa theka anadwala nawo. Anachenjeza kuti mwana womwa mamililita 5 a mafuta osasungunula, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, angathe kukomoka. Zizindikiro zimayamba msanga, kawirikawiri ola lisanathe. Mwana wotere asamusanzitse, chifukwa mafuta angalowe m'mapapo. Athamange naye kuchipatala, botolo lili m'manja, kuti adotolo aone chimene wamwa. M'nyumba za m'komboni, mmene chipinda chili chimodzi ndipo ana amafika paliponse, botolo lotere likhale m'bokosi lokhoma kapena lisalowemo konse.

Nkhani ya khunyu ndiyo yofunika kuimva bwino. Thomas Mathew ndi madotolo anzake a kumwera kwa India anafunsa odwala 350 amene anafika m'zipatala 4 atagwa ndi kuphupha, ndipo mu 2021 analengeza kuti 55 mwa iwo anagwa atangogwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi mafuta a bulugama kapena camphor. Ena anamwa, ena anapaka, ena anangopuma nthunzi yake. Oposa theka anali odwala khunyu kale, koma otsalawo anali asanagwepo chibadwire. Munthu wakhunyu, kapena mwana amene anaphuphapo ndi malungo, atalikirane nawo mafuta amenewa, ndipo akapita kukatenga mankhwala ake a mwezi ndi mwezi awauze adotolo zonse zimene amapaka kapena kununkhiza. Munthu akagwa, mwambo womununkhiza zinthu zolasa kapena utsi wa sanza sumudzutsa. Chofunika ndi kumuchotsa pafupi ndi moto kapena madzi, kumugoneka cham'mbali, ndi kusamuika kanthu m'kamwa. Khunyu si matenda opatsirana, ndipo womugwira sangatengere.

Mankhwala opaka pachifuwa aja asapakidwe mwana wosakwana zaka 2, ndipo asalowetsedwe m'mphuno mwa munthu aliyense. Amayi oyembekezera asamwe mafuta a fungo a mtundu uliwonse. Pakhungu, mafuta osasungunula amawotcha. Amafunika dontho limodzi kapena awiri m'supuni ya mafuta wamba.

Nanga nthunzi ya masamba? Matenda a Covid-19 anafika m'Malawi mu April 2020, ndipo mu January 2021, pamene anavuta koopsa mpaka kupha nduna ziwiri za Boma tsiku limodzi, anthu ambiri anathamangira ku masamba a bulugama. Mantha anali aakulu, ndipo palibe wowadzudzula chifukwa chofuna kudziteteza. Koma nthunzi sipha kachilombo kamene kalowa kale m'thupi. Ngakhale pa chimfine wamba, bungwe la Cochrane lija linapeza mu 2017 kuti palibe umboni wakuti nthunzi imachiza. Chimene chinaoneka poyera ndi zilonda za moto: madotolo a chipatala cha ana ku Birmingham analemba mu 2020 kuti ana opsa ndi madzi a nthunzi anachuluka kwambiri m'miyezi imeneyo. Mphika wowira, bulangete, mdima ndi mwana wolimbalimba siziyenera kukhala pamodzi. Munthu wamkulu wofuna nthunzi aphule mphika, audikire uzizireko, auike pansi pamalo osagwedezeka. Mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, ameneyo mwina ali ndi chibayo, ndipo usiku umene watha akumufukiza ndi usiku wotayika.

MATENDA A MAGANIZO SI A KUTALI

Chifukwa chenicheni chimene timabotoloti tikugulidwira n'chakuti anthu ovutika mumtima ndi ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sanena. Ku Thyolo nkhaniyi inayezedwa. Dotolo Robert Stewart ndi anzake anacheza ndi amayi 501 amene anabwera ndi ana awo ku sikelo pa chipatala cha Boma cha Thyolo, ndipo zimene anapeza zinafalitsidwa mu 2008 ndi 2010. Pafupifupi amayi 3 mwa 10 alionse anali ndi matenda okhumudwa, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 7 anali nawo aakulu. Matendawa anapezeka kwambiri mwa amayi osauka, mwa amene analibe munthu womuululira za kukhosi, ndi mwa amene mwana wawo anali atangodwala. Ana a amayi ovutika maganizowo anapezekanso ocheperako msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Matenda a mayi amafika ndi kwa mwana wa kumsana.

Zoyambitsa zake sizisowa m'dera la tiyi. Ntchito yothyola imachuluka nthawi ya mvula, ndipo chilimwe chikafika aganyu ambiri amabwerera kumudzi kumene munda ndi waung'ono, pakuti Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno. Pali ngongole za katapila, pali maliro, pali amuna amene anapita kunja osatumiza uthenga. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsa nyumba ndi kukokolola minda m'maboma a kumwera, Thyolo ali m'gulu lomwelo, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Alipo ena amene kufikira lero sagona mvula ikamagwa usiku. Fungo la lavender silingabweze ngongole kapena kumanga nyumba yogwa.

Kudandaula kwa masiku ochepa n'kwa munthu aliyense. Koma ngati munthu watha milungu 2 kapena kuposa ali wosakondwa tsiku lonse, zimene ankakonda sizikumukomanso, tulo sakupeza kapena akudzuka tambala asanalire, chakudya sichikulowa, akudziona ngati wopanda pake, pamenepo ndi matenda, osati ulesi kapena kulodzedwa. Kawirikawiri wodwala sanena za mtima. Amati mutu ukupweteka, mtima ukuthamanga, thupi lonse laphwanya, kapena amangoti akuganiza kwambiri. Munthu amene wayamba kulankhula zodzipha asasiyidwe yekha. Mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe m'nyumba, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Thandizo limayambira pafupi: kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, ku chipatala cha pa esiteti, ku chipatala chaching'ono cha m'dera, ndipo kuchoka apo ku chipatala cha Boma cha Thyolo kapena ku Malamulo ku Makwasa. Anthu ena amaopa kuti akangotchula za maganizo awatumiza ku Zomba Mental Hospital. Chipatala chimenecho, chimene chinatsegulidwa mu 1953, n'cha odwala kwambiri. Ochuluka amathandizidwa ali kwawo. Alipo mapiritsi monga amitriptyline ndi fluoxetine amene amayamba kugwira ntchito pakapita milungu 2 kufikira 4, motero wodwala asataye mtima pa mlungu woyamba. Wolandira mankhwala a maganizo kapena a khunyu asawasiye chifukwa wina wamulonjeza mafuta. Kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa matenda mwamphamvu kuposa kale.

Kulankhula nakonso ndi mankhwala oyesedwa. Ku Harare, dotolo Dixon Chibanda anayamba mu 2006 kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kumvetsera anthu a nkhawa, kuwathandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza njira yolithetsera. Njirayi, yotchedwa Friendship Bench, itayesedwa pa anthu 573 inaoneka mu 2016 kuti imathandizadi, ndipo yafikanso m'zipatala zina za m'Malawi. Amayi a mvano, aphunzitsi ndi akulu a mpingo angathe kuchita zambiri mwa kungokhala pansi ndi munthu wotere, osamudula mawu ndi osafalitsa zimene wanena.

KUPHUNZITSA MPHUNO

Pali ntchito imodzi imene madotolo eni ake amalangiza mafuta a fungo. Chimfine chachikulu, Covid-19, kapena kuvulala m'mutu pa ngozi ya njinga, zingathe kupha mphamvu ya kununkhiza. Munthu wotere chakudya sichimukoma, ndiwo zowola sazizindikira, utsi wa nyumba yopsa saumva, ndipo ambiri amakhumudwa nazo kwambiri. Mwamwayi timitsempha ta m'mphuno tija timaphukanso, chinthu chimene mitsempha yambiri ya m'mutu sichita.

Mu 2009 Thomas Hummel wa ku Dresden anaonetsa kuti mphuno ingaphunzitsidwe. Odwala ake ankanunkhiza zinthu 4, rozi, bulugama, ndimu ndi clove, m'mawa ndi madzulo kwa milungu 12, ndipo ena mwa iwo, ngakhale si onse, anayambanso kumva fungo kuposa amene sanachite zimenezi. Munthu wa ku Luchenza kapena ku Goliati safunika botolo la m'sitolo pa ntchito imeneyi. Tsamba la bulugama lofikisa, khoko la ndimu, jinja wosinja ndi tiyi wouma wa m'paketi zingakwanire, malinga ngati iye si wakhunyu. Wakhunyu aike khoko la nachesi m'malo mwa bulugama. Anunkhize chilichonse pang'onopang'ono kwa masekondi 15 kapena 20, akuyesa kukumbukira mmene chinkanunkhirira kale, apumule pang'ono, ndi kutenga china. Kusintha kumabwera mochedwa, nthawi zina pakapita miyezi 3 kapena 4, ndipo poyamba zinthu zina zimanunkha mwachilendo, tiyi ngati mphira wopsa, fungo lenileni lisanabwerere.